Mbiri ya a Auguste Escoffier, mwana wa wosula zitsulo amene anakweza nchito ya wophika

M'mawa uliwonse kusanace bwino, pa siteshoni za minibasi ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi ku George pamaima amuna ndi akazi onyamula kathumba ka yunifomu yoyera. Amenewa ndi anzathu osewenza m'makhichini a mahotela akuluakulu a mu Lusaka monga Pamodzi, Intercontinental ndi Ridgeway. Tsiku lonse amaphika ndi kupereka cakudya cimene mtengo wa mbale imodzi ungafike pa mtengo wa saka la unga. Madzulo amabwerera ku komboni kukadya nsima ya kapenta ndi repu pamodzi ndi ife.

Ambiri a iwo akafunsidwa kuti ndani anakonza malamulo amene amatsata m'khichini, sangathe kuyankha. Ndani anati wophika nsomba akhale payekha, wophika msuzi payekha, ndipo onse amvere shefu mmodzi? Ndani analetsa mowa ndi kutukwana pafupi ndi moto? Yankho lake ndi munthu wa ku France wochedwa Auguste Escoffier, amene anamwalira mu 1935, caka comwe likulu la dziko lino linasamuka ku Livingstone kubwera kuno ku Lusaka.

Taganiza zokamba mbiri yawo cifukwa m'maparishi athu muli makolo amene amacita manyazi mwana akati afuna kuphunzira zophika. Iwo amakumbukira masiku a atsamunda pamene kuki anali munthu wokalipiridwa ndi dona ndi kugona m'kanyumba ka kuseri. Mbiri ya a Escoffier ionetsa kuti nchito imeneyi ili ndi ulemu wake. Koma ili ndi banga lalikulu lokhudza ndalama, ndipo ifenso sitilibisa.

Mwana wa kumudzi

Auguste anabadwa pa 28 October 1846 m'mudzi wa Villeneuve-Loubet, kufupi ndi mzinda wa Nice, kum'mwera kwa dziko la France. Atate ake anali osula zitsulo, okonza zipangizo za kumunda ndi kukhomera akavalo zitsulo za kumapazi. Analinso kulima fodya, monga amacitira abale athu a ku Chipata ndi ku Lundazi. Banjali silinali la mabwana. Mnyamatayu anakula akuona agogo ake aakazi akuphika, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kudziwa kukoma kwa cakudya cophikidwa mosamala.

Mtima wake unali pa zojambula ndi kusema zifanizo. Koma makolo anaona kuti luso limenelo silingamudyetse. Conco mu 1859, ali ndi zaka 13, anamutumiza ku Nice kukaphunzira nchito pa lesitilanti ya mbale wa atate ake, yochedwa Restaurant Français. Cibale sicinamuthandize kupeza malo ofewa. Anayambira pansi penipeni: kutsuka mapoto, kusenda ndiwo, kunyamula katundu ndi kupita ku msika m'mamawa kukagula zofunika. Anali wamfupi, ndipo anafika povala nsapato zazitali zidendene kuti nkhope yake italikirane ndi moto wa pa citofu.

Makhichini a nthawi imeneyo anali malo oipa. Ambiri anali pansi pa nyumba, opanda mazenera, odzala utsi wa malasha. Ophika anali kumwa mowa kuti apirire kutentha, akuluakulu anali kumenya ana ophunzira nchito, ndipo kutukwana kunali ngati moni. Anthu a m'tauni anali kuona wophika ngati cidakwa cauve cimene sicingakhale pamodzi ndi anthu aulemu. Auguste anaona zonsezi ali mwana, anamva kuwawa kwake pa thupi lake, ndipo anazisunga mumtima.

Mu 1865 anapita ku Paris, kumene analembedwa nchito pa lesitilanti yochuka ya Le Petit Moulin Rouge monga wothandiza woocha nyama. Kumeneko kunali kudya anthu olemera a mumzindawo, ndipo iye anakwera pang'onopang'ono, kucoka pa gawo lina la khichini kupita pa lina, mpaka anadziwa nchito zonse.

Njala ya ku Metz

Mu 1870 nkhondo inabuka pakati pa France ndi Prussia, dziko limene pambuyo pake linatsogolera kupangidwa kwa Germany. A Escoffier anatengedwa kukaphikira akuluakulu a asilikali ku mzinda wa Metz. Kuyambira mu August mpaka October caka cimeneco adani anazinga mzindawo, osalola cakudya kulowa. Munali asilikali oposa 100,000, kuwonjezapo anthu wamba.

Apa ndi pamene nzeru za mwana wa kumudzi zinagwira nchito. Ataona kuti zinthu ziipa, anagula msanga nkhuku, abakha, akalulu, nkhumba, mbuzi ndi nkhosa, n'kuzisunga pamalo obisika. Anasunganso zakudya za m'zitini. Pamene ziweto zinatha, gulu la nkhondo linayamba kupha akavalo ake. A Escoffier anaphunzira kufutsa kaye nyama ya kavalo m'madzi owira kuti fungo licoke, kenaka n'kuiphika ndi msuzi wabwino kuti idyeke. Palibe kanthu kamene kanali kutayidwa.

Ife amene tinaona cilala ca 1992 ndi cimanga cacikasu cimene cinabwera kudzatipulumutsa, tidziwa kuti njala imaphunzitsa munthu zinthu zimene sukulu singaphunzitse. Mzinda wa Metz utagonja kumapeto kwa October 1870, a Escoffier anatengedwa ukaidi ku Germany, kumene anaphikira akuluakulu a asilikali a France amene anagwidwa. Anabwerera kwawo mu 1871. Kucokera pamenepo anakhala ndi cidwi cacikulu pa njira zosungira cakudya kuti cisaole, makamaka kuika matimati m'mabotolo ndi m'zitini kuti apezeke caka conse.

Mu 1873 anabwerera ku Le Petit Moulin Rouge monga mkulu wa khichini yonse. Mu 1878 anakwatira mayi Delphine Daffis, ndipo anabereka ana atatu: Paul, Daniel ndi Germaine.

Kukumana ndi a Ritz

Mu 1884, pa Grand Hôtel ya ku Monte Carlo, a Escoffier anayamba kusewenza ndi a César Ritz, woyang'anira mahotela wa ku Switzerland. Nawonso a Ritz anali mwana wa mlimi wa kumapiri, amene anaweta ziweto ali mwana asanayambe nchito yoperekera zakudya. Awiriwa anagwirizana ngati khasu ndi mpini wake: a Ritz anali kusamalira alendo ndi cipinda codyera, a Escoffier anali kusamalira moto ndi mapoto. Nyengo yozizira anali kusewenza ku Monte Carlo, nyengo yotentha ku Grand Hôtel National ya ku Lucerne.

Mu 1890 mwini hotela ya Savoy ku London, a Richard D'Oyly Carte, anawaitana onse awiri. Pa nthawiyo mabwana a ku England anali kudyera m'nyumba zawo kapena m'makalabu a amuna okhaokha, ndipo mkazi waulemu sanali kudya pagulu m'lesitilanti. A Ritz ndi a Escoffier anasintha mwambo umenewu. Anakonza malo audongo, owala bwino, ndi zakudya zopepuka zokomera azimayi, mpaka akazi a mabwana anayamba kubwera. Mwana wa Mfumukazi Victoria, amene pambuyo pake anakhala Mfumu Edward VII, anali mmodzi wa alendo awo okhazikika.

A Escoffier anali ndi cizolowezi copatsa zakudya zatsopano maina a alendo ochuka. Codziwika kwambiri ndi Pêche Melba, mapicesi ophikidwa mu shuga oikidwa pa ayisikilimu, cimene anakonzera woimba wa ku Australia, mayi Nellie Melba. Anadziwanso kucenjerera mkamwa mwa alendo. Anthu a ku France amadya miyendo ya acule, koma a ku England anali kunyansidwa nayo. Iwo anaiphika bwino, naipatsa dzina lokongola losachula cule, ndipo mabwana anadya ndi kuyamikira. Ife a kum'mawa amene anzathu a cimbuya amatiseka cifukwa ca mbewa, timvetsa bwino nkhani imeneyi. Cimene munthu amanyansidwa naco nthawi zambiri ndi dzina cabe.

Dongosolo la m'khichini

Nchito yaikulu imene a Escoffier anasiya si Pêche Melba ayi, koma dongosolo. Anatengera zimene anaona ku usilikali, nagawa ophika m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Panali wophika misuzi, wophika nsomba, woocha nyama, wophika supu ndi ndiwo zamasamba ndi mazira, wosunga ndi kukonza zakudya zozizira, ndiponso wophika makeke ndi zotsekemera. Pamwamba pa onse panali shefu wamkulu ndi waciwiri wake. Mlendo akaitanitsa mbale imodzi, magulu angapo anali kukonza mbali zake pa nthawi imodzi, ndipo cakudya cinali kufika pa tebulo msanga cikali cotentha. Alimi amene amalima mwa cigwirizano, ena akupalira, ena akuthira feteleza, ena akuphika nsima ya aganyu, adziwa phindu la kugawana nchito kotere.

Kuwonjezera apo anaika malamulo a khalidwe. Analetsa mowa ndi fodya m'khichini. Podziwa kuti ophika amamva ludzu pa moto, analamula kuti pakhale mphika waukulu wa cakumwa cophikidwa ndi balere, copanda mowa, monga mmene ife timaikira thobwa kapena munkoyo kwa anthu olima. Analetsa kukuwa, kutukwana ndi kumenya ana ophunzira. Iwo eni akapsa mtima anali kutuluka kaye panja, n'kubwera kudzakamba mtima utatsika. Anafuna kuti wophika azisamba, avale zoyera pa nchito, ndipo akaweruka avale bwino potuluka mumsewu kuti anthu amulemekeze. Analimbikitsanso acinyamata awo kuwerenga ndi kuphunzira.

Anasinthanso kadyedwe. Kale pa maphwando a mabwana zakudya zambiri zinali kuikidwa pa tebulo nthawi imodzi, zokongoletsedwa ngati nyumba zosanja, koma zinali kuzizira anthu asanadye. A Escoffier analimbikitsa njira yobweretsa mbale imodzi imodzi motsatizana, anacepetsa ciwerengero ca mbale, nacotsa zokongoletsa zosadyeka.

Ndiye cifukwa cake munthu akalowa m'lesitilanti yapamwamba ya Cifalansa amapeza mwambo wotere. Wolandira alendo amamuperekeza pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Amapatsidwa menyu, ndipo akhoza kusankha mbale imodzi imodzi, iliyonse ndi mtengo wake, kapena kutenga mndandanda wonse pa mtengo umodzi. Coyamba kumabwera kakudya kocepa kotsegula mkamwa, kenaka supu, kenaka nsomba, kenaka nyama ndi msuzi wake ndi ndiwo zamasamba, ndipo pomaliza chizi ndi zotsekemera. Mipeni imakhala kumanja, mafoloko kumanzere, ndipo munthu amayamba ndi za kunja kulowa mkati. Cakudya ca pa mbale iliyonse cimakhala cocepa, kotero kuti mlimi wozolowera nsima ya mitanda isanu angaganize kuti amunyoza. Koma mbale zikatsatizana kwa maola awiri kapena atatu, mimba imadzala.

Mlandu wa ku Savoy

Tsopano tifike pa banga lija. Pofika 1897 eni ake a Savoy anadabwa kuona kuti alendo aculuka koma phindu la khichini likutsika. Anaika anthu ofufuza mabuku mwakacetecete. Mu March 1898 a Ritz, waciwiri wawo a Louis Echenard, ndi a Escoffier anacotsedwa nchito onse atatu. Ophika ambiri anakwiya cifukwa anali kuwakonda abwana awo, ndipo anthu a kunja anaganiza kuti ndi nsanje cabe.

Zoona zake zinali zina. Vinyo ndi zakumwa zina za ndalama zoposa mapaundi 3,400 zinali zitasowa. A Escoffier anali kulandira ndalama kwa amalonda ogulitsa zakudya ku hotelayo, pafupifupi 5 pa 100 iliyonse ya zogulidwa. Amalondawo anali kubweza ndalama zawo pobweretsa katundu wopelewera pa sikelo, pamene hotela inali kulipira mtengo wonse. Mu January 1900 atatuwo anasaina makalata ovomera kulakwa. A Escoffier anavomera kubweza mapaundi 8,000, koma analipira 500 okha cifukwa ndiwo anali nawo. Hotela inasunga nkhaniyi mwacinsinsi, ndipo inadziwika poyera m'zaka za m'ma 1980, eni ake atamwalira kalekale.

Ena amati umenewu unali mwambo wa ophika onse a nthawi imeneyo. N'zoona kuti unali wofala, monga mmene nicekeleko yafalira pakati pathu. Koma kufala kwa cinthu sikucisandutsa cabwino. Ife alimi tidziwa kumene ndalama zotere zimacokera. Wogula wa pa hotela kapena pa sukulu akafuna gawo lake, wamalonda amakacotsa pa mtengo umene apatsa mlimi wa ku Chongwe kapena ku Mumbwa amene anathirira matimati ndi ndowa. Asungicuma a m'maparishi, a makopaletivu ndi a cilimba ayenera kuona apa kuti munthu waluso, wacifundo ndi wolemekezeka akhoza kugwa pa ndalama za eni ake. Mabuku a Savoy ndiwo anaulula zimene anthu analephera kuona pa nkhope. Conco kuwerengera ndalama za gulu pamaso pa anthu sikunyoza msungicuma, koma kumuchinjiriza.

Carlton ndi buku lalikulu

Mlanduwu sunathetse nchito yawo, makamaka cifukwa unabisidwa. Mu June 1898 a Ritz anatsegula hotela ya Ritz ku Paris, ndipo a Escoffier ndiwo anakonza makhichini ake. Mu 1899 anabwerera ku London kukatsogolera khichini ya hotela yatsopano ya Carlton, ndi ophika pafupifupi 60. Alendo ambiri a Savoy anawatsatira kumeneko. A Ritz anadwala matenda a maganizo mu 1902 ndipo sanacirenso bwino mpaka imfa yawo mu 1918, koma a Escoffier anakhala pa Carlton mpaka 1920.

Mu 1903 anatulutsa buku lochedwa Le Guide Culinaire, mothandizana ndi anzawo a Philéas Gilbert ndi a Émile Fétu. Lili ndi njira zophikira pafupifupi 5,000, ndipo linatuluka m'Cingelezi mu 1907. Kale ophika anali kubisa luso lawo monga ng'anga ibisira mizu yake. A Escoffier analemba zonse poyera, ndi miyeso yake, kuti wacinyamata aliyense aphunzire. M'masukulu a zophika amaphunzitsa misuzi ikuluikulu isanu imene imabala misuzi ina yonse: béchamel wa mkaka, velouté wa msuzi woyera wa nkhuku kapena nsomba, espagnole wa msuzi wofiirira wa nyama, wa matimati, ndi hollandaise wa mazira ndi bata. Mwana wa ku Mtendere kapena ku Kalingalinga amene anaphunzira za mahotela ku Fairview anakumana nayo misuzi imeneyi, ndipo maziko a maphunzirowo ndi nchito ya a Escoffier.

Anakonzanso makhichini a sitima zapamadzi za kampani ya ku Germany ya Hamburg-Amerika, ndipo mu 1913 anakumana ndi mfumu ya Germany, Wilhelm II, pa sitima ya Imperator. Caka cotsatira maiko awiriwa analowanso m'nkhondo.

Wophikira olemera, wokumbukira osauka

Mbali imene ife a m'mipingo tiyenera kuidziwa ndi iyi. Pa zaka zimene anali ku London, masisitere a cipani ca Little Sisters of the Poor, osamalira nkhalamba zosauka, anali kubwera ndi ngolo m'mawa kuseri kwa hotela. A Escoffier analamula kuti zakudya zabwino zotsala, buledi, ngakhale masamba a tiyi ndi khofi amene akanatha kuphikidwanso, zisungidwe mwaudongo ndi kupatsidwa kwa masisitere. Anacita zimenezi ku Savoy, napitiriza ku Carlton. Sanali kupereka nyenyeswa za pansi, koma cakudya cimene munthu angadye mosacita manyazi.

Mu 1910 analemba kabuku kopereka maganizo a momwe anthu angathandizirane kuti umphawi uthe, makamaka kuti wanchito akakalamba akhale ndi ndalama zomusunga. Anali ataona ophika okalamba, maso atawonongeka ndi utsi, miyendo itatupa, akutayidwa opanda kanthu. Anathandiza kusonkha ndalama za nyumba yosungira ophika opuma nchito. Sitima ya Titanic itamira mu April 1912, nyuzipepala zinadzala ndi maina a mabwana amene anafa, koma a Escoffier anakumbukira ophika a m'sitimayo, nasonkhanitsa thandizo la akazi ndi ana awo amasiye.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, ophika awo ambiri anaitanidwa ku usilikali. Iwo anakonza thumba lothandiza mabanja a ophikawo. Nkhondoyo inawalanda mwana wawo Daniel, amene anaphedwa caka comweco ca 1914. Atakalamba analembanso timabuku ta zakudya zochipa za anthu wamba, kena ka mpunga mu 1927 ndi kena ka nsomba ya cod mu 1929, nsomba imene osauka a ku Ulaya anali kugula youma ya mcere, monga ife tigulira kapenta.

Nanga tigwirizanitse bwanji munthu wodyetsa nkhalamba ndi munthu wolandira ziphuphu? Sitingathe kufafaniza mbali imodzi kuti inzake iwale. Zonse ziwiri zinacitika mwa munthu mmodzi, m'khichini imodzi, m'zaka zomwezo. Cifundo cawo kwa masisitere sicinabweze ndalama za Savoy, ndipo mlandu wa Savoy sunacotse cakudya cimene nkhalamba zija zinadya.

Masiku omaliza

Mu 1919 boma la France linawapatsa mendulo ya Légion d'honneur, ndipo mu 1928 linawakweza pa udindo wapamwamba wa ulemu womwewo. Cinali cinthu cacilendo kuti wophika alandire ulemu wotere. Caka comweco ca 1928 ophika a maiko osiyanasiyana anakumana ku Paris ndi kukhazikitsa bungwe lawo la dziko lonse, ndipo a Escoffier anasankhidwa kukhala pulezidenti wake waulemu.

Atapuma nchito mu 1920, ali ndi zaka 73, anabwerera ku Monte Carlo kumene akazi awo anali kukhala zaka zonse zimene iwo anali ku London. Ambiri a ife amene atate athu anapita ku migodi ya ku Kabwe, ku Wankie kapena ku Joni, kusiya amayi kumudzi, tidziwa mtengo umene banja limalipira pa kusiyana kotere. Mu 1934 anatulutsa buku lina, Ma Cuisine, lolembera ophika a panyumba. Mayi Delphine anamwalira kuciyambi kwa 1935, ndipo mwezi usanathe, pa 12 February, a Escoffier anatsatira ali ndi zaka 88. Anaikidwa m'manda a kumudzi kwawo ku Villeneuve-Loubet. Nyumba imene anabadwiramo inasandutsidwa malo osungira mbiri ya zophika mu 1966.

Zimene zitikhudza ife

A Escoffier sanapondepo pa dziko lino, koma dongosolo lawo linafika ndi mahotela. Pamene Ridgeway inatsegulidwa mu 1953, anthu akuda anali m'khichini ndi poperekera zakudya, osati pa tebulo. M'zaka zomwezo makolo athu anali kugula nyama pa zenera la kuseri kwa buchala, mpaka African National Congress ya a Harry Nkumbula inatsogolera anthu kunyanyala mabuchala a mu Lusaka. Ufulu wa 1964 unapeza zitseko zikutseguka, ndipo cimene cinatsala kusankha wolowa ndi thumba la munthu. Ana ndi adzukulu a makuki aja ndiwo akhala mashefu.

Conco kholo limene mwana wake afuna kuphunzira zophika lisacite manyazi. Ndi nchito ya manja ndi mutu, yofuna udongo, kusunga nthawi ndi kupirira, ndipo wayamba ndi kutsuka mapoto akhoza kufika potsogolera khichini. Koma mwanayo auzidwe nkhani ya ku Savoy asanapatsidwe makiyi a sitolo.

Eni mahotela ndi malesitilanti nawonso ali ndi phunziro lawo. Ngati atenga misuzi ya a Escoffier ndi zipewa zoyera, atengenso malamulo awo oletsa kutukwana ndi kunyoza wanchito. Wophika alembedwe nchito mwalamulo, ndalama zake za NAPSA ziperekedwe mwezi ndi mwezi, kuti akakalamba asabwerere ku komboni manja ali m'khosi. Ndipo cakudya cabwino cotsala cisapite ku dzala pamene m'maparishi athu muli magulu osamalira odwala, nkhalamba ndi ana amasiye amene angabwere kudzatenga m'mawa, monga anacitira masisitere a ku London.

Kwa ife alimi, tikumbukire matimati amene amaolera pa msika wa Soweto nthawi imene aculuka, mtengo wa bokosi utagwa, pamene miyezi ingapo pambuyo pake timawasowa. Agogo athu anali kufutsa ciwawa ndi khwanya, kuyanika pa dzuwa ndi kumanga mfutso m'zikwatu kuti ndiwo zisasowe m'cilimwe. Wophikira mafumu uja anaphunzira nzeru yomweyi pa njala ya ku Metz, ndipo sanaione ngati ya anthu otsalira. Magulu a amayi m'mipingo ndi makopaletivu angayambe ndi zimene ali nazo: mphasa yoyera, dzuwa la September, ndi matimati odulidwa bwino amene akanatayidwa.